WOSUNGA CHUMA CHA ALIMI AYAMBE WAGONA M'MUDZI

Anzanga alimi, masiku ano m'midzi yambiri muli makalabu ndi makopaletivi. Ena ndi a mkaka, ena a mtedza ndi soya, ena a mpunga, ena a khofi. Gulu likakula, mabuku ake amachuluka, ndalama nazo zimachuluka, ndipo wapampando ndi msungichuma sangathenso kugwira zonse okha pamodzi ndi minda yawo. Pamenepo timalemba ntchito munthu wophunzira amene timutcha manijala, ndipo m'manja mwake timaikamo thukuta lathu la chaka chonse. Tsono funso limene ndifuna kuti tiliganizire pamodzi sabata ino ndi ili: kodi munthu wotere aziphunzira kuti, ndipo aziphunzira motani, kuti asatitayitse chuma pamodzi ndi nthaka yomwe?

Ine ndinakhala mlembi wa gulu la alimi a mkaka zaka 12, ndipo ndinagwira ntchito ndi mamanijala angapo. Zimene ndinaona zinandichititsa kufunafuna mbiri ya anthu a maiko ena amene anakomana ndi vuto lomweli, ndipo ndinaipeza ku India, pa tauni yotchedwa Anand. Ndiyamba ndi mbiri imeneyo, pambuyo pake ndikusimbirani za kwathu.

Mkaka wa ku Kaira

Anand ali m'chigawo cha Gujarat, kumadzulo kwa India, m'boma limene masiku amenewo linkatchedwa Kaira. Anthu a kumeneko ndi alimi a minda yaing'ono monga ife tomwe, ndipo mabanja ambiri amaweta njati imodzi kapena ziwiri. Musadabwe iyayi: njati za kumeneko n'zofatsa, zoweta pakhomo, ndipo zimakamidwa ngati ng'ombe. Kale mkaka wa m'boma limeneli unkapita ku kampani imodzi yokha, ya Polson, imene Boma linaipatsa ntchito yotumiza mkaka ku mzinda wa Bombay. Pakati pa kampani ndi mlimi panali amalonda otola mkaka, ndipo iwowa ndiwo ankatchula mtengo. Mudziwa kuti mkaka suli ngati chimanga, choti ukakana mtengo ubwerere nacho kunkhokwe. Ukakhala maola ochepa padzuwa, wasasa. Chotero mlimi ankangolandira chimene wapatsidwa.

M'chaka cha 1946 alimi aja anatopa. Polangizidwa ndi mtsogoleri wawo Sardar Vallabhbhai Patel, anakana kugulitsa mkaka masiku 15, kufikira Boma linawalola kukhala ndi bungwe lawolawo. Bungweli linalembedwa m'kaundula pa 14 Disembala 1946, ndipo wapampando wake anali Tribhuvandas Patel. Chiyambi chake chinali chochepa ndithu: midzi iwiri, ndi malita ngati 250 pa tsiku. Lero mkaka wawo udziwika ndi dzina lakuti Amul, ndipo alimi ogulitsa pansi pa dzinali apitirira 3 miliyoni, m'midzi yoposa 18,000.

M'chaka cha 1949 ku Anand kunafika mnyamata dzina lake Verghese Kurien, wophunzira za makina ku America, amene Boma linamtumiza kukagwira ntchito pa fakitale yake yaing'ono. Iye sanakondwere nako kumeneko, ndipo anafuna kuchoka msanga, koma Tribhuvandas Patel anamdandaulira kuti atsale athandize alimi. Anatsaladi, nakhala manijala wa bungwelo, ndipo moyo wake wonse ankadzitcha wantchito wa alimi, osati bwana wawo.

Taonani m'mene anakonzera ntchito yawo. Mkaka unkalandiridwa m'mudzi momwemo kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Unkayesedwa mafuta ake mwini wake ali pomwepo, mtengo unkatsata mafutawo, ndipo ndalama sizinkachedwa. Pa msonkhano, mwini njati imodzi ndi mwini njati khumi anali ndi voti imodziimodzi. Nthawi yozizira, pamene njati zitulutsa mkaka wambiri woposa umene msika ungalandire, alimi ankataya. Chifukwa cha ichi, m'chaka cha 1955 mnzake wa Kurien, H. M. Dalaya, anapeza njira yosandutsa mkaka wa njati kukhala wa ufa, chinthu chimene akatswiri ambiri a kunja ankati n'chosatheka. Nzeru zonsezi zinachokera pa kudziwa bwino mavuto a mlimi wa njati imodzi.

Nduna Yaikulu igona m'mudzi

Mu Okutobala 1964, Nduna Yaikulu ya India, Lal Bahadur Shastri, inabwera ku Anand kudzatsegula fakitale ya zakudya za ziweto. M'malo mogona kunyumba ya alendo olemekezeka, inapempha kukagona kwa mlimi, m'mudzi wa Ajarpura, ndipo usiku umenewo inacheza ndi anthu ndi kuwafunsa za moyo wawo. Itabwerako inalamula kuti njira ya ku Anand ifalitsidwe m'dziko lonse. Motero m'chaka cha 1965 munabadwa bungwe la National Dairy Development Board, ndipo mu 1970 linayamba ntchito yaikulu yotchedwa Operation Flood. Pofika 1998, India anali atapitirira America nakhala dziko lotulutsa mkaka wambiri kuposa onse pa dziko lapansi.

Koma apa panabuka vuto lina. Makopaletivi zikwizikwi anafuna mamanijala, ndipo anthu oyenera anasowa. Masukulu ophunzitsa kayendetsedwe ka malonda analipo, abwino ndithu, koma ophunzira ake ambiri ankathamangira ku makampani a m'mizinda, kumene malipiro anali okwera. Ndiponso maphunziro awo anali a m'fakitale ndi m'sitolo, osati a m'khola ndi m'munda. Chifukwa chake m'chaka cha 1979 Kurien ndi anzake anakhazikitsa sukulu yakeyake pa Anand pomwepo, yotchedwa Institute of Rural Management Anand, mwachidule IRMA.

Sukulu imene kalasi yake ina ndi mudzi

Pa sukuluyi amalandira anyamata ndi atsikana amene atsiriza kale maphunziro a ukachenjede, ndipo amakhalapo zaka ziwiri. Amaphunzira kusunga mabuku a ndalama, kufuna misika, malamulo ndi kuyang'anira antchito, monga ku masukulu ena a zamalonda. Chosiyana chake ndi ichi: akaphunzira m'kalasi miyezi ingapo, amatumizidwa m'timagulu tating'ono kukakhala kumidzi pafupifupi miyezi iwiri. Sapita ngati alendo a tsiku limodzi obwera pa galimoto. Amagona komweko, amadya zimene eni mudzi akudya, ndipo amaona okha kumene madzi atungidwa, amene ali ndi munda ndi amene alibe, amene akongoza ndalama ndi chiwongoladzanja chake. Amagwiranso ntchito ina yothandiza kopaletivi kapena bungwe limene lawalandira. Pobwerera ku sukulu amalemba zimene aona, nazifotokoza pamaso pa aphunzitsi ndi anzawo, ndipo zimenezi ziwerengedwa monga gawo la maphunziro awo. Pambuyo pake amatumizidwanso kukagwira ntchito m'makopaletivi ndi m'mabungwe ena asanalandire satifiketi.

Anthu a ku Anand anazindikiranso kuti mkaka umachokera ku udzu, ndipo udzu umachokera ku nthaka ndi madzi. Malo odyetsera ziweto a mudzi wonse akaguga, woyamba kuvutika ndi wosauka amene alibe malo akeake. Motero m'chaka cha 1986 bungwe la mkaka lija linayambitsa makopaletivi a m'midzi odzala mitengo pa malo oguga, ndipo m'ntchito imeneyi munatuluka bungwe la Foundation for Ecological Security mu 2001, limene likulu lake lili pa Anand pomwepo. M'chaka cha 2025 Nyumba ya Malamulo ya India inakhazikitsa yunivesite ya makopaletivi pa maziko a IRMA, niitcha Tribhuvan Sahkari University, pokumbukira wapampando woyamba uja.

Maganizo otere safuna ku India kokha. M'chaka cha 2007 bungwe la United Nations linatulutsa mfundo zopempha masukulu a zamalonda kuti aziphunzitsa ana awo kusamala anthu ndi chilengedwe, osati phindu lokha, ndipo masukulu mazana ambiri a maiko osiyanasiyana anazivomera. Koma kuvomera pa pepala n'kwapafupi. Chovuta ndicho kuiloŵetsa nzeruyo mumtima mwa mwana wa sukulu, ndipo apa ndipo ndifuna kukusimbirani za anthu awiri amene ndinagwira nawo ntchito.

Ng'ombe za pa pepala

Woyamba anali mnyamata wochenjera kwambiri, wokhulupirika, wosagwira tambala ya mwini. Mabuku athu sanakhalepo oyera monga pa nthawi yake. Tsiku lina anabwera ku msonkhano ndi pepala lalikulu, natisonyeza kuti thanki yathu yoziziritsira mkaka imadzaza theka lokha, pamene magetsi tilipira onse. Anati tikatenga ngongole ya ng'ombe zina 20, iliyonse yopereka malita 10 pa tsiku, thanki idzadzaza ndipo ngongole idzatha m'zaka ziwiri. Masamu ake analibe cholakwa ngakhale chimodzi.

Mayi wina wachikulire anaimirira nati, "Bambo manijala, ng'ombe zimenezi zidzamwa kuti mu Okutobala?" Mnyamata uja anayankha mwaulemu kuti za madzi ndi za mlimi aliyense payekha, za gulu ndi mkaka. Anthu ambiri anakopeka ndi manambala, ndipo ng'ombe zinabwera.

Miyezi ya dzinja zonse zinayenda bwino. Koma ng'ombe yokamidwa, nthawi yotentha, imamwa ndowa zinayi kapena kuposa pa tsiku, ndipo ndowa zimenezo zimayenda pamutu pa amayi ndi ana. Zitsime za kudambo zitayamba kuphwa, atsikana anayamba kuchedwa ku sukulu chifukwa chodikira madzi a ng'ombe. Nsenjere za m'minda zitatha, anthu anatsikira kumtsinje, namweta udzu ndi bango za m'mphepete mpaka dothi linaonekera. Ena anadula mitengo ya komweko kuti amangire makola. Mvula yoyamba itagwa, madzi anakumba gombe, ndipo madimba awiri anakokoloka. Ng'ombe zinaonda, malita 10 aja anasanduka 4, koma ngongole sinaonde. Mabanja atatu anagulitsa ng'ombe zawo zakale zomwe kuti abweze.

Sindinena izi pofuna kumnyoza mnyamatayo. Iye anachita zimene anaphunzitsidwa. M'buku lake munali mizere iwiri, wa ndalama zoloŵa ndi wa ndalama zotuluka. Mzere wa khosi la mayi wosenza madzi munalibe, ndipo mzere wa mtsinje munalibenso. Akanagonapo m'mudzi mwathu mwezi umodzi wa Okutobala, funso la gogo uja akanalimva kulemera kwake.

Mtsikana amene anatsata chigubu cha mkaka

Patapita zaka, tinalandira mtsikana wa ku sukulu ya zamalonda, wodzaphunzira ntchito masabata 6. Popeza pafupi ndi ofesi panalibe nyumba ya lendi, tinampereka kwa mayi wina wamasiye wa kutsidya la mtsinje. Tsiku loyamba ndinampatsa buku la mkaka wokanidwa kuti awonkhetse. Iye anaona kuti maina a anthu a kutsidya ndiwo anali kubwerezabwereza, ndipo anandifunsa chifukwa chake. Pa ofesi anthu ankangoti a kutsidya sasamala ukhondo.

M'mawa mwake anadzuka ndi mayi wake uja kusanache, naona m'mene anatsukira maŵere a ng'ombe ndi madzi ofunda, ndi m'mene anatsukira chigubu. Ukhondo unalipo wokwanira. Pamenepo anasenza yekha chigubucho kunka nacho ku thanki. Ulendowo unatenga maola awiri, chifukwa podutsa pafupi panali patagumuka, ndipo anthu ankazungulira ku mlatho. Anafika dzuwa litakwera, naima pa mzere, ndipo mkaka umene anausenza yekha unakanidwa iye akuona. Madzulo amenewo anadya nsima ya ndiwo zopanda mchere pamodzi ndi mwini nyumba, pakuti ndalama ya mchere inali mu chigubu chija.

Sabata yotsatira anabwera ndi pepala lake nayenso, koma la mtundu wina. Anawerengera malita amene gulu linkataya pa mwezi chifukwa cha ulendo uja, nawayerekeza ndi malipiro a mnyamata mmodzi wa njinga wotola mkaka wa kutsidya pa malo amodzi mbandakucha. Malipiro a njinga anali ochepa. Komiti inavomera, ndipo maina a kutsidya anachepa m'buku la mkaka wokanidwa.

Anaonanso chinthu china chimene ife tinachizolowera mpaka kuleka kuchiona. Odula udzu, otunga madzi ndi okama anali amayi, koma m'kaundula munali maina a amuna, ndipo ndalama za pa mwezi ankalandira ndi amuna. Nyumba zina ndalamazo zinkafika zonse, nyumba zina zinkathera panjira. Mtsikanayo sanakalipire munthu. Anangofunsa pa msonkhano, mwaulemu wonse, nati, "Makolo anga, kodi malamulo a gulu lino aletsa kuti wokama ng'ombe alembetse dzina lake?" Tinatsegula malamulo, ndipo sanali kuletsa. Chaka chimenecho amayi 9 analembetsa. Ku India nakonso anaona vuto lomweli, ndipo m'madera ambiri muli makopaletivi a mkaka a akazi okhaokha. Akuluakulu ananena kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko kamameta pokhapokha mlendoyo atakhala pansi.

Nzeru za anthu awiriwa za m'kalasi zinali zofanana. Onse ankadziwa kuwerengera phindu. Kusiyana kwake n'kwakuti wachiwiriyu anadziwa zoyenera kuwerengera, ndipo anazidziwa chifukwa anazisenza pamutu.

Tisadzinyenge

Sinditi miyezi iwiri ya kumudzi isandutsa munthu aliyense kukhala wachifundo. Ngakhale ku IRMA, ophunzira ena akatsiriza amapita ku mabanki ndi ku makampani a m'mizinda. Koma ngakhale amenewo amapita akudziwa kuti kuseri kwa nambala iliyonse ya pa pepala kuli banja, ndipo tsiku limene adzatchula mtengo wa mbewu kapena chiwongoladzanja cha ngongole, adzakumbuka nyumba imene anagonamo.

Sinditinso mlendo aliyense wobwera ndi mafunso athandiza. Tonse tawaona aja ofika ndi mapepala nthawi yopalira, natikhazika pansi pa mtengo m'mawa wonse, natifunsa mbuzi zingati, nkhuku zingati, kenaka osaonekanso. Kumeneko si kuphunzira, ndi kutola. Maphunziro enieni afuna zinthu zitatu: wophunzira akhalitse, agwire ntchito ndi manja ake, ndipo zimene wapeza azibweze kwa eni ake asanachoke. Afunanso mphunzitsi womfunsa pobwerera kuti, "Waona chiyani, ndipo chifukwa chake n'chiyani?" pakuti kuona kopanda kusinkhasinkha sikusiyana ndi ulendo wokacheza.

Gawo lathu ife alimi

Masukulu athu nawonso amatumiza ana kukaphunzira ntchito, ndipo ena a iwo amafika m'magulu mwathu. Tsono ife tichite nawo chiyani?

Choyamba, tisawatsekere mu ofesi. Tiwapezere banja lokhulupirika lowasunga, makamaka la kutali ndi msewu, osati la amfumu kapena la wapampando nthawi zonse. Tisawaphere nkhuku tsiku ndi tsiku, pakuti tikatero adzapita kukanena kuti kumudzi kulibe njala.

Chachiwiri, tiwapatse khasu, chikwakwa ndi ndowa. Tiwayendetse kudambo, kumanda kumene mitengo yakale idakalipo, ndi kuphiri kumene inatha. Nkhalamba ziwauze kumene madzi ankafika kale ndi kumene afika tsopano. Nzeru imeneyi sili m'buku lililonse, ili mwa ife, ndipo tikaibisa tidzadandaula tokha.

Chachitatu, tiwalole alankhule ndi amayi paokha, ndi anthu a ganyu, ndi amene anatuluka m'gulu. Amene anatuluka ndiwo adziwa bwino pamene denga lathu lidontha.

Chachinayi, asanachoke tiitane msonkhano, atiŵerengere zimene alemba, ndipo pamene alakwa tiwakonze. Pepala limodzi litsale m'bokosi la gulu.

Ndipo tsiku lolemba manijala likafika, satifiketi tiione ndithu, pakuti munthu wosadziwa mabuku angatigwetse m'dzenje msanga. Koma tisalekere pomwepo. Timfunse kumene anakhalako kumudzi, nthawi yaitali bwanji, ndi ntchito imene anagwira. Timfunse kuti akatichulukitsira ziweto, udzu ndi madzi zidzachokera kuti. Akatimangira nyumba yosungiramo mbewu, nkhuni zowotchera njerwa zidzadulidwa kuti, ndipo adzabwezeretsa ndani. Amayi akhale nawo pa kufunsako. Safunsa anadya phula.

Inunso makolo amene ana anu ali ku masukulu a zamalonda, akabwera pa tchuthi musawakhazike pa mpando ngati alendo. Apite nanu kumsika wa mbewu, aone sikelo, amve mtengo, awonkhetse nanu zimene munaloŵetsa m'munda ndi zimene mwatulutsa. Mawa ndiwo adzakhala m'maofesi otchula mitengo ya mbewu zathu, ndipo ndi bwino kuti adzafike kumeneko akudziwa kulemera kwa thumba la mtedza, ndi kutalika kwa njira ya kuchitsime mwezi wa Okutobala.